Khirisimasi ya Pamsana pa Amayi

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu woyenda pa msewu wa ku Mchinji pa 25 Disembala, kuchokera pa Mpingu kukafika ku Namitete, kapena wokhotera kumpoto kulowera ku Nsaru ndi kwa Kabudula, amaona dziko lokondwa. Ana atchena zovala za pa kaunjika, mabotolo a Fanta ali m'manja, mawailesi akulira pa magolosale, ndipo kuseri kwa nyumba kukuchokera fungo la mpunga ndi nkhuku, chakudya chimene mabanja ambiri amachilawa kawiri kapena katatu pa chaka. Koma woyendayo atalowa m'khitchini angapezemo munthu mmodzi amene chikondwererocho sichidamufike. Ameneyu ndi mayi wa pakhomopo. Adadzuka tambala woyamba, watunga madzi kumjigo, wasambitsa ana, wapha nkhuku ndi kuisosola, wathamangira kutchalitchi, wabwerako n'kuyamba kulimbana ndi nkhuni zonyowa ndi mvula. Pamene onse akhuta, iye amakhala pansi ndi makoko a mpunga ndi miyendo ya nkhuku, ngati ana amusiyirako.

Khirisimasi imagwa pa mwezi wovuta kwa mlimi wa m'dera lino. Fodya adagulitsidwa ku okushoni ku Kanengo pakati pa Epulo ndi Ogasiti, ndipo pofika Disembala ndalama yake idasanduka mbiri. Nkhokwe yayamba kuonetsa pansi. Chimanga chili m'munda chikufuna kupalira ndi feteleza wachiwiri, fodya wookeredwa akufunanso manja, ndipo Januwale ali pakhomo ndi makope, zolembera ndi yunifolomu. Amene adaona njala ya 2002 amadziwa kuti miyezi imene imapha ndi imene imatsatana ndi Khirisimasi. Tsono mpunga wa tsikuli umachokera kuti? Kawirikawiri umachokera m'chitenje cha mayi: ndalama yogawana ku banki mkhonde kumapeto a chaka, phindu la mandasi ndi zigumu, tomato wa kudimba, kapena ganyu wopalira m'munda mwa ena pamene munda wake womwe ukumera udzu. Pamene kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mafuta ophikira, shuga ndi sopo idakwera, ndipo woyamba kuimva adali iye amene amaima pa sitolo n'kumawerenga timakobidi m'manja.

Nanga bambo ali kuti? Alipo abambo, ndipo si ochepa, amene amasunga ndalama ya mbuzi ya Khirisimasi kuyambira nthawi ya okushoni, namakhala pakhomo tsiku lonse. Mawu ano sakunena iwo. Akunena khamu lija limene limadzaza mabenchi a pa Nsaru, pa Namitete ndi pa Mpingu kuyambira pa 24 Disembala mpaka Chaka Chatsopano, likumwa kachasu ndi midoli, ena akubetcha mpira wa ku England pa foni. Ambiri a iwo ndalama imene akumwerayo adachita kulanda kwa akazi awo tsiku logawana ku banki mkhonde, ati chifukwa iwo ndiwo mutu wa banja. Madzulo amafika akudzandira, ndipo funso lawo loyamba si la ana kapena la munda ayi, koma lakuti, "A Naphiri, nthutumba yanga ili kuti?" Ikapezeka kuti mwana wadya, usiku umenewo m'nyumbamo mumamveka kulira.

Akafunsidwa, yankho lawo ndi limodzi: ndi mwambo wa makolo. Apa ndiye pali bodza limene liyenera kuvulidwa, pakuti mwambo wa Achewa sudanene zimenezo. Akuutchula theka, theka linalo akulikwirira dala.

Pa mwambo wa chikamwini, mwamuna ankasiya mudzi wa kwawo n'kukakhala kwa mkazi. Ankamanga nyumba, ankalima m'munda mwa apongozi, ndipo khalidwe lake linkaonedwa tsiku ndi tsiku ndi eni mudzi. Munda udali wa mbumba, ana adali a mbumba, ndipo pambuyo pa mkazi aliyense padali atsibweni ndi alongo ake, ankhoswe amene ntchito yawo idali kumva madandaulo ake. Mkamwini waulesi, chidakwa kapena womenya mkazi ankaitanidwa pabwalo, ndipo akapanda kusintha ankamulozera njira ya kwawo. Chitengwa chinkachitika mwamuna atapempha, eni mbumba atamuona kuti ndi munthu wosunga mnzake. Lero chitengwa chafala, ndipo chitengwacho pachokha si tchimo. Chovuta n'chakuti mkazi akatengedwa kupita kutali ndi alongo ake, ankhoswe amangooneka tsiku la chinkhoswe, kudya, kuvina, kufupa, basi. Mwamuna watenga ufulu wa chitengwa koma udindo umene unkabwera nawo wausiya panjira.

Mwambo womwewo unkamanga bambo pa nkhani ya uchembere. Mayi akabereka ankakhala m'chikuta mpaka mchombo wa mwana utagwa, amayi anzake akumuphikira ndi kumutungira madzi. Mwamuna amene mkazi wake adali woyembekezera kapena wa mwana wakhanda ankalangizidwa mwamphamvu kuti asayendeyende, kuopa mdulo kapena tsempho. Achipatala amafotokoza kuti kutupa kwa ana kumene makolo ankakutcha tsempho nthawi zambiri ndi kunyentchera chifukwa chosowa zakudya zoyenera, ndipo akunena zoona. Komabe cholinga cha lamulolo chikuoneka poyera: mwana akadwala, chala chinkaloza bambo. Makolo ankafuna kuti mwamuna akhale pafupi ndi mkazi wake pa nyengo imene mkaziyo ali wofooka. Anthu amene lero amafuula za mwambo pa nkhani ya nthutumba sakumbukira n'komwe mbali imeneyi.

M'malo mwake amatchula mawu akuti mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda, ngati kuti ndi mwambi wochokera kwa makolo akale. Sungakhale wakale chotero. Makolo ankavala nyanda ndi zikopa. Kabudula adafika ndi azungu, masukulu ndi usilikali. Mwambi sungabadwe chinthu chimene ukunena chisanafike. Awa ndi mawu a dzulodzulo, opekedwa pamowa kuti aphimbe chimasomaso, ndipo ngakhale anthu a kwa Kabudula, amene dzina la dera lawo limamveka mofanana, alibe chifukwa chowalandirira. Mwambi weniweni wa makolo ndi uja wakuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Umenewo samautchula pa benchi.

Mpingo nawonso uli ndi mlandu woyankha. Aliyense amene adalowapo m'tchalitchi cha ku Nambuma, ku Namitete kapena m'nyumba ya mapemphero ya Sinodi ya Nkhoma m'midzi imeneyi akudziwa kuti mbali ya amayi imadzaza mpaka pakhomo pamene mbali ya abambo imakhala ndi mipata. Amayi ndiwo amasesa, kuzira ndi kukongoletsa, ndiwo amaphunzitsa ana sewero la kubadwa kwa Yesu, ndiwo amasonkha ufa ndi mazira a mtulo. Chigwirizano cha Amayi m'Sinodi ya Nkhoma chakhala chikuyendera odwala ndi kutonthoza anamfedwa kuyambira m'chaka cha 1940. Miphakati imene Episkopi Patrick Kalilombe adailimbikitsa m'dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970 ikuyendabe m'midzi yambiri chifukwa cha miyendo ya amayi. Koma ulaliki wa pa Khirisimasi ukafika, amayi omwewo ndiwo amauzidwa kuti atengere chitsanzo cha Maria, akhale ofatsa, omvera ndi opirira. Amalangizidwa amene abwera, olakwa ali ku golosale.

Chodabwitsa n'chakuti nkhani ya Khirisimasi ili ndi bambo, ndipo bamboyo sathawa. M'mitu iwiri yoyambirira ya Mateyu, Yosefe adakana kuchititsa mkazi wake manyazi pagulu, ndipo pamene Herode ankafuna kupha mwana, iye adadzuka usiku, natenga mwana ndi amake kuthawira nawo ku dziko lachilendo. Mlaliki wofuna chitsanzo cha mkamwini wabwino sangapeze choposa ichi. Luka naye, m'mutu wachiwiri, amafotokoza kuti popita ndi mwana ku Kachisi banjali lidapereka mbalame ziwiri, nsembe imene Levitiko 12 adailoleza kwa mayi wosakwanitsa kupeza nkhosa. Banja Loyera, limene Akatolika amalikumbukira Khirisimasi ikangopita, lidapereka za amphawi popanda manyazi ndiponso popanda katapila. Zikadakhala kuti mfundo imeneyi imalalikidwa, sibwenzi mayi wa ku Nsaru akugulitsa ndowa yotsiriza ya chimanga kuti ana ake asaoneke otsalira pamaso pa anzawo. Sibwenzinso pa mapemphero ochezera usiku wa pa 31 Disembala alaliki ena akumuuza kuti afese mbewu ya ndalama m'mbale, pamene mbewu yeniyeni ili m'munda ikufota posowa feteleza.

Wofuna kuona khola la ku Betelehemu ndi maso ake apite ku chidikiro cha chipatala chilichonse cha m'dera lino usiku wa pa 24 Disembala, kaya ndi ku St Gabriel ku Namitete, chipatala chimene masisitere a Chikarimeli ochokera ku Luxembourg adachiyambitsa mu 1959, kaya ndi kwa Kabudula. Adzapezako amayi otopa akudikira tsiku lawo, atagona pa mphasa. Panja adzapeza owadikirira akukoleza moto pa mafuwa, mvula ikuwaza. Akafunsa kuti odikirirawo ndani, adzamva kuti ndi amayi awo, azakhali kapena achemwali awo, amene nawonso asiya minda yosapalira ndi ana kunyumba. Mwamuna amene wapalasa njinga kubweretsa ufa ndi nkhuni amatamandidwa ngati wachita chozizwitsa, chonsecho wangochita chimene mkamwini aliyense wakale ankachidziwa kuti ndi ntchito yake. M'tauni akuluakulu amapita kukacheza ndi ana obadwa pa Khirisimasi, atanyamula mabeseni ndi sopo, atolankhani ali pambuyo. Mwana wobadwa pa 27 Disembala kumudzi samudziwa.

Dziko lino limadziwa kutamanda amayi ndi pakamwa. Kamuzu Banda ankadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, amayi onse nakhala mbumba yake yomuvinira. Lero pali tchuthi cha Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, pamene ana a m'tauni amatumiza chitenje ndi kandalama pa foni. Pali lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006. Palinso masiku 16 olimbana ndi nkhanza, amene amayamba pa 25 Novembala n'kutha pa 10 Disembala, kutatsala masabata awiri kuti nyengo ya mowa ifike pachimake. Zikwangwani zikapindidwa, mayi amatsala yekha ndi mwamuna woledzera.

Ana a m'tauniwo asaganize kuti apulumuka. Amatsika minibasi pa Namitete kapena pa Nsaru ndi thumba limodzi la mpunga ndi pakamwa pasanu. Akuti mlendo ndi mame, koma mame amenewa amatha sabata, akudya ufa wa m'nkhokwe yomwe ikutha kale, akudikira kuti madzi osamba awatenthetsere mayi wa zaka 60. Pobwerera amanyamula nkhuku, mtedza ndi ufa woyera. Ena amasiyanso mdzukulu kuti agogo amulere, nalonjeza kuti azitumiza thandizo mwezi ndi mwezi. Thandizolo limafika kawiri, kenaka foni imasiya kupezeka.

Ena adzati amayiwo amakondwa nazo, palibe amawakakamiza. N'zoona kuti mayi amasangalala kuona ana ake akhuta ndipo atchena, ndipo palibe amene akufuna kumulanda chimwemwe chimenecho. Koma kukonda ana si chilolezo choti ena onse apinde manja. Enanso adzati tsiku limodzi silioza mbewa, anthu asiyidwe asangalale. Likadakhala tsiku limodzi, pakadapanda nkhani. Koma ndalama ya thumba la feteleza ikathera pa benchi, munda umabweza mu Epulo, ndipo amene adzayende ndi lichero kukapempha madeya kuchigayo mu Febuluwale si bambo ayi.

Pali mlandu wina umene uli pa amayi eni ake, makamaka anamkungwi ndi alangizi a m'mipingo. Iwo ndiwo amauza namwali tsiku la ukwati kuti banja ndi kupirira, kuti mwamuna ndi mwana, kuti za m'nyumba saulula. Makolo adaikadi kupirira m'malangizo, koma adaikanso ankhoswe kuti kupirirako kukhale ndi malire. Mlangizi wophunzitsa kupirira osatchula khomo la ankhoswe akutumiza mwana wa mnzake ku ukapolo. Ndipo mtsikana wa zaka khumi amene pa Khirisimasi akutsuka mbale pamene mlongo wake akutchaya mpira wa chikulunga akuphunzira phunziro lomwelo asanalowe n'komwe m'tsimba.

Mafumu a m'madera a Kalolo ndi Kabudula, monga anzawo m'maboma ena, ali ndi mphamvu yokhazikitsa malamulo a m'mudzi, ndipo m'midzi yambiri mayi woberekera pakhomo amalipitsidwa chindapusa. Mphamvu yomweyo ingathe kuitana pabwalo mwamuna wolanda ndalama ya banki mkhonde. Akulu a mpingo amadziwa kuimika mayi pa Mgonero chifukwa chofulula mowa. Akudziwanso mayina a amene amaumwa. Atsibweni amene amathamangira kukalandira nkhuku pa chinkhoswe ali ndi njinga zomwezo zowafikitsa kwa mlongo wawo pa 26 Disembala kukaona ngati ali ndi chotupa kumaso. Adzayenera kulawirira, chifukwa tsiku limenelo dzuwa likamatuluka mayiyo amakhala ali kale kumunda, mwana kumsana, akupalira mizere imene idatsala pa 23.