Musanatumize tuner ku Chama, funsani ngati honda ili ndi kompyuta

Ambiri a ife amene timapanikizana mu minibasi m'mawa uliwonse kucokera ku Matero, Chawama kapena Mtendere tili ndi honda imene sitiikwera. Tinaigula ndi ndalama ya cilimba kapena ya loni, n'kuitumiza kumudzi kuti mng'ono wathu azinyamula anthu ndi katundu, apezeko ya sopo ndi ya yunifomu ya ana. Mwini wake ali mu Lusaka, njinga ili ku Petauke, ku Lundazi kapena ku Chama. Ikafuna cinthu, foni imalira kuno.

Manje pali cinthu cina cimene anyamata ayamba kupempha: tuner. Aciona pa Facebook ndi pa TikTok, kabokosi kakang'ono ka mawaya kamene otsatsa amati ukakalumikiza ku injini mphamvu imaculuka, petulo n'kumadyeka yocepa. Ine maganizo anga ndi akuti pa honda yogwira nchito ku Chama, kabokosi aka nthawi zambiri ndi kutaya ndalama cabe, ndipo nthawi zina ndi kupha injini imene ikudyetsa banja.

Tiyambe ndi malo. Chama ili kumpoto kwenikweni kwa cigawo ca Kum'mawa, m'cigwa ca Luangwa, kwa Asenga a mfumu yaikulu Kambombo. Mu 2011 boma linaiika ku Muchinga, mu 2021 inabwerera ku Eastern, koma mtunda sunasinthe. Kucoka pa Intercity kukafika pa boma la Chama ndi makilomita oposa 800, kudzera ku Chipata ndi Lundazi. Kucoka pa boma kupita kwa Tembwe, kwa Chikwa kapena kwa Chifunda ndi mseu wa dothi, mcenga m'cilimwe, matope m'dzinja. Kumeneko kulibe minibasi yobwera mphindi zisanu zilizonse ngati pa Kulima Tower. Honda ndiyo imatulutsa thumba la mpunga m'mudzi, ndiyo imapereka mphunzitsi ku boma, ndiyo imathamangitsa mayi wapakati ku cipatala usiku. Ndipo mbali yaikulu ya derali ndi malo a nyama a Musalangu, kumene njovu zimadutsa mseu osapempha. Injini ikazima pa Great East Road umakankhira pambali n'kuimba foni. Ikazima m'thengo la Musalangu dzuwa litapendeka, iyo ni nkhani ina.

Kuti timvane bwino, tione mmene injini imadyera. Injini ya petulo imafuna mpweya ndi mafuta zosakanizika pa muyeso woyenera. Muyeso umene umapsa bwino ndi magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyesa kulemera. Pali njira ziwiri zosakanizira. Yakale ndi kabyuleta: kambale ka petulo, tumajeti ta mabowo ang'onoang'ono ndi tumasikuluu, palibe ca magetsi. Yatsopano ndi fuel injection: pampu imakankha petulo, injekita imaipopera mu injini, ndipo kakompyuta kochedwa ECU ndiko kamalamula kuti ipopere yoculuka bwanji. Kakompyutako kamamvetsera masensa amene amakauza kutentha kwa mpweya, kutentha kwa injini, mmene woyendetsa wapotokolera mafuta ndi utsi umene ukutuluka ku ekizozi. Tuner imalowa pakati pa kompyuta ndi injekita, kapena pakati pa sensa ndi kompyuta, n'kusintha uthenga kuti petulo ilowe yoculukirapo kapena yoceperapo.

Apa ndiye pali funso loyamba, limene ambiri salifunsa: kodi honda yanu ili ndi kompyuta imeneyo? Njinga zambiri zogwira nchito kumidzi kwathu, monga Bajaj Boxer, TVS HLX ndi Honda Ace, ndi za kabyuleta. Zilibe injekita, zilibe ECU. Kugulira njinga yotere tuner ya injection kuli ngati kugulira wailesi ya mabatire rimoti ya TV. Palibe pokalumikiza.

Cisokonezo cimacokera ku India, kumene njinga zathu zambiri zimapangidwa. Kuyambira pa 1 April 2020, dzikolo linakhwimitsa malamulo a utsi ndi muyeso wochedwa BS6, ndipo makampani anasamutsira njinga zambiri zogulitsa kwawoko ku injection. Koma zambiri zimene amatumiza ku Africa zinakhalabe ndi kabyuleta, cifukwa ndi yochipa ndipo sivuta kukonza. So mfana wa ku Chama akaona vidiyo ya mnyamata wa ku Pune kapena Bangalore akuika kabokosi pa Bajaj, amaona dzina la kampani lofanana ndi la pa thanki yake, osadziwa kuti mkati ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Kudziwa sikufuna makaniko. Ngati pansi pa thanki pali kampopi kolembedwa ON, OFF ndi RES, ndipo pali choke yokoka m'mawa kukazizira, iyo ni ya kabyuleta. Ngati mukatembenuza kiyi mumamva pampu ikulira pang'ono kwa masekondi angapo, kagetsi ka injini n'kuyaka kenako n'kuzima, iyo ni ya injection. Muuzeni mng'ono wanu ajambule pansi pa thanki atumize pa WhatsApp musanatulutse olo ngwee imodzi.

A kabyuleta naonso ali ndi mayesero ao. Iwo amagulitsidwa racing CDI, kabokosi kosintha nthawi imene pulagi imathetheka ndi kulola injini kuzungulira kupitirira malire amene fakitale inaika, kapena amauzidwa kuti aike jeti ya bowo lalikulu. Injini imalira mokweza, woyendetsa amamva ngati wakwera njinga ya mpikisano. Koma malire aja anaikidwa kuti mavalavu ndi pisitoni zikhalitse. Kuwacotsa pa njinga imene imanyamula anthu awiri ndi thumba la mpunga tsiku lililonse ndi kufupikitsa moyo wake.

Nanga amene njinga zao zilidi za injection? Ma tuner enieni alipo, sindikana. Pali Power Commander ya kampani ya Dynojet ya ku America, Rapid Bike ya ku Italy, ndi PowerTronic ya ku India. Koma onani amene anawapangira: munthu amene wasintha ekizozi ndi fyuluta ya mpweya pa njinga yake, ndipo afuna kuti petulo igwirizane ndi mpweya woonjezekawo. Kabokosi kalikonse kamapangidwira mtundu umodzi wa njinga, ndipo kuti kagwire bwino amakachuna pa makina oyesera mphamvu ochedwa dyno. Pa njinga yaikulu phindu limaoneka. Pa yaing'ono tiwerengere limodzi. Njinga ya 150cc yonga Boxer ili ndi mahosipawa pafupifupi 12. Olo wogulitsa atanena zoona kuti akuonjezerani 10 pa 100 iliyonse, mwapeza hosipawa imodzi ndi kacidutswa. Mumcenga wa kwa Chikwa simudzaizindikira.

Ndipo lonjezo lija lakuti mphamvu iculuka pamene petulo icepa, likaikeni. Pa injini yomweyo, mphamvu yoonjezera imacokera ku mafuta oonjezera. Mukaculutsa petulo, pulagi imada mwaye, petulo yosapsa imatsikira mu oilo n'kuisungunula, ndipo thanki imatha msanga. Kumbukirani kuti mu 2022 a ERB anayamba kuunika mtengo wa mafuta mwezi ndi mwezi, ndipo wa honda amamva kusintha kulikonse m'thumba tsiku lomwelo, monga mmene ife timamvera ba kondakitala akakweza mtengo. Mukacepetsa petulo, injini imatentha koposa. Njinga izi zilibe madzi oziziritsa, zimadalira mphepo yowomba pa injini. M'cigwa ca Luangwa mwezi wa October kutentha kumafika madigiri 40, ndipo mumcenga njinga imayenda pa giya yoyamba kapena yaciwiri, mphepo yocepa, katundu wolemera. Pamenepo ndi pamene valavu imapsa kapena pisitoni kugwira.

Palinso tumabokosi twabodza. Twina mkati muli kawaya kamodzi konamiza kompyuta kuti kunja kukuzizira, kuti izithira petulo yambiri nthawi zonse. Twina, makamaka tochipa tolembedwa kuti tumapulumutsa mafuta, amene anatutsegula anapezamo tumagetsi tothwanima cabe. Pa cithunzi ca pa foni, ceniceni ndi cabodza zimaoneka cimodzimodzi.

Koma vuto lalikulu kwa ine ndi la kukonza. Kabyuleta ikatsekeka, makaniko wa pansi pa mtengo wa mango amaimasula, kuitsuka ndi petulo, kuuzira jeti, ulendo n'kupitirira. Injection imafuna batire yamphamvu ndi petulo yoyera, pamene kumidzi yakutali ndi boma petulo imagulidwa m'mabotolo ndi m'zigubu, nthawi zina ili ndi fumbi kapena madzi. Pamwamba pa zimenezo muonjezepo kabokosi kacilendo, mawaya odulidwa n'kumangidwa ndi tepu, kenako muoloke nako mtsinje mu February. Njinga ikayamba kudukiza, ndani adzadziwa ngati ndi pampu, sensa kapena tuner? Makina ofufuzira ali kutali, ndipo tsiku lililonse limene njinga yaima ndi tsiku lopanda ndalama.

Ndikudziwa cimene wa honda angandiyankhe, ndipo ali ndi mfundo. Adzati, inu muli mu tauni pa tala, simudziwa mmene njinga imafookera pokwera citunda ndi matumba awiri. Ni zoona, kufuna mphamvu si kunyada cabe. Koma cimene akusowa ndi mphamvu yokoka, osati liwiro, ndipo mankhwala ake alipo ochipa: sprocket ya kumbuyo ya mano oculukirapo pang'ono. Njinga imataya liwiro la pamwamba, limene pa mseu wa dothi silikufunika, n'kupeza mphamvu yokwera ndi kutuluka mumcenga. Makaniko aliyense amaidziwa, ndipo ikakusowetsani mtendere mumabwezera yakale. Nthawi zambirinso njinga imene akuti yafooka imakhala kuti fyuluta ya mpweya yadzaza fumbi, pulagi yatha, mavalavu sanachunidwe, cheni yauma kapena kilachi ikuterereka. Konzani izi, mudzapeza mahosipawa amene anatayika, oposa amene kabokosi kakulonjeza.

Ngati njinga ndi ya injection, mwasinthadi ekizozi, ndipo mtima wakana kumva, ndiye sankhani mwanzeru. Gulani tuner yolembedwa dzina, mtundu ndi caka ca njinga yanu yeniyeniyo, osati imene amati imakwana pa njinga iliyonse. Ikhale ya mapulagi olowa m'malo mwake popanda kudula waya. Ikhale yakuti mukaizula, njinga imabwerera mmene inacokera ku fakitale, kuti ikavuta m'thengo woyendetsa angoicotsa n'kufika kunyumba. Ikhale yosalowa madzi. Funsani kuti ndani adzaichuna, ndipo ali kuti. Ngati njinga ikadali pa waranti, funsani kumene munaigula, cifukwa kawirikawiri kusintha za injini kumathetsa waranti. Ndipo tengani lisiti. Lamulo la 2010 loteteza ogula linapatsa a CCPC mphamvu yomva madandaulo, koma munthu amene munamutumizira mobile money pa nambala ya pa Facebook mudzamupeza kuti? Safunsa anadya phula.

Nkhaniyi imatikhudzanso ife a mu tauni. Tonse timaona ma honda a delivery akupyola pakati pa ma minibasi pa Lumumba Road ndi pa Cairo Road, galasi kukhudza galasi. Njinga ikapatsidwa liwiro loonjezera, mabuleki ndi matayala zimakhala zomwe zija. Wokwera kumbuyo sanafunsidwe ngati avomera, ndipo amene akutsika basi pa siteshoni sadziwa kuti cikubweraco cinachunidwa. A RTSA amafuna laisensi, inshuwalansi ndi helimeti, ndipo pa zitatuzi ndi pamene eni njinga ambiri amaumira ndalama, kwinaku ali okonzeka kulipira kabokosi.

Conco, a mkulu amene munagula njinga, ndalama imene mukanatumiza ya tuner igaweni motere: matayala abwino a pa dothi, mabuleki atsopano, cheni ndi sprocket, oilo yosintha pa nthawi yake, mafyuluta a mpweya osungira, kasefa ka petulo ya m'botolo, ndi mahelimeti awiri, wa woyendetsa ndi wa wokwera. Izi sizioneka bwino pa TikTok, koma ndizo zimacititsa kuti honda imene yanyamuka kwa Chifunda usiku ndi wodwala ikafike pa cipatala ca Chama.