Seva ya mawaya atatu ndiyo imadwala kawirikawiri

M'maofesi a kuno ku Chama, lipoti likakana kupita, mlandu umagwera netiweki. Wina ati Airtel yagwa, wina ati MTN yathawa, wina atuluke panja kukayang'ana mitambo. Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta m'boma lino, ndipo zimene ndimaona mabwana sakonda kuzimva: nthawi zambiri mzere umakhala uli bwinobwino. Yodwala imakhala seva yawo yomwe, ndipo anaidwalitsa ndi anthu achifundo amene anaibweretsera mizere yambiri.

Seva ndi kompyuta yaikulu ija yosunga zolemba za ofesi yonse. Kumbuyo kwake kumakhala mabowo awiri kapena anayi olowetsamo waya wa netiweki, bowo lililonse ndi khadi lake. Poyamba munkalowa waya mmodzi wopita ku makompyuta a m'zipinda. Kenako kunabwera mzere wa boma wolumikiza maofesi ake. Bungwe lina lothandiza linasiya router yoyendera SIM khadi. Starlink itayamba kugwira ntchito mu Zambia mu Okutobala 2023, mbale zoyera zija zinayamba kuoneka pamadenga. Aliyense wobwera anapeza bowo lopanda kanthu, n'kulowetsamo waya wake, n'kujambulitsa chithunzi ndi abwana, n'kukwera galimoto kubwerera ku Lusaka. Palibe amene anafunsa kuti mnzake wam'mbuyo anasiya zotani.

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Seva ikafuna kutumiza kanthu kunja kwa ofesi, imafunika khomo limodzi lotulukira, limene amisiri timalitchula kuti default gateway. Ukalemba khomo limeneli pa khadi lililonse, Windows imasankha yokha, ndipo imasankha poyang'ana liwiro la waya umene uli pakati pa seva ndi router. Siyang'ana ngati kuseri kwa routeryo kuli intaneti. Bandulo ikhoza kukhala itatha sabata yatha, koma kagetsi kobiriwira kali ngwee, chifukwa kagetsi kameneko kamangochitira umboni kuti waya walowa bwino. Seva ndiye imangokankhira malipoti onse kumeneko, pamene mzere wamoyo uli pambali pomwepo osagwira ntchito.

Palinso vuto lina lobisika kuposa ili. Pempho likhoza kulowa pa khadi loyamba, yankho n'kutulukira pa lachiwiri. Firewall ya wopemphayo ikaona yankho lochokera kumene sinatumize kanthu, imalitaya mwakachetechete. Kwa kalaliki amene wakhala pa desiki, chimene chimaoneka ndi kagudumu kozungulira basi.

Mu ofesi ina imene anandiitana dzinja lapitali, anali atalemba kale kalata yopempha ndalama zogulira seva yatsopano. Ndinapeza ma router awiri, onse akudzitcha 192.168.1.1. Sikuti wina analakwitsa mwadala ayi. Nambala zoyamba ndi 192.168 zinapatulidwa mu 1994 kuti aliyense azigwiritsa ntchito m'nyumba kapena mu ofesi mwake, ndipo makampani ambiri, kuphatikizapo Starlink, amatulutsa ma router awo ali ndi nambala yomweyo. Woika makinawo akakhala pachangu saisintha. Seva inali ndi makhadi awiri pa misewu iwiri yosiyana koma ya dzina limodzi, moti zolemba zopita ku printa ya chipinda choyandikana nthawi zina zinkalowera ku router ya SIM khadi. Kusintha nambala ya router imodzi ndi kufufuta khomo limodzi lotulukira sikunatenge nthawi yoposa yophikira mpunga. Kalata ija anaing'amba.

Kufufuza kwake sikufuna digiri. Choyamba ndimazula mawaya onse n'kusiya mmodzi. Zinthu zikayenda, ndiye kuti vuto lili pa kusakaniza, osati pa nsanja ya foni. Kenako ndimalemba ipconfig /all kuti ndione nambala ya khadi lililonse, ndi route print. Pa mndandanda umene umatuluka, ndimawerenga mizere yoyamba ndi 0.0.0.0. Ikakhala iwiri kapena itatu, wakuba wapezeka. Ndimayesa ping pa router, kenako pa 8.8.8.8, kenako pa dzina la malo ena a pa intaneti. Nambala ikayankha koma dzina n'kukana, vuto ndi DNS, imene imasandutsa mayina kukhala nambala. Mzere woyamba wa tracert umaulula khomo limene seva ikutulukira zoona, osati limene abwana akuganiza.

Khadi likaonetsa nambala yoyamba ndi 169.254, ndiye kuti linapempha adiresi koma palibe anayankha. Zimenezi tinaziona kwambiri mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba magetsi n'kumazima maola ambiri pa tsiku. Magetsi akabwera, seva imene ili pa batire imakhala ili maso kale, pamene router ikadali kuyasamula. N'chifukwa chake seva iyenera kukhala ndi adiresi yokhazikika yolembedwa ndi manja, osati yopempha m'mawa uliwonse.

Wina anena kuti, nanga iwe ukufuna tikhale ndi mzere umodzi m'dera ngati lino? Ayi ndithu. Chipatala chimene chimasunga mbiri ya odwala mu SmartCare, kapena ofesi yolembetsa alimi a FISP, ikufunikadi mzere wachiwiri. Koma malo okumanira mizere iwiri si kumbuyo kwa seva. Pali ma router olandira mizere iwiri, amene amayesa okha ngati intaneti ikuyankha, n'kusinthira kwina woyamba ukafa. Seva izingodziwa khomo limodzi. Ngati khadi lachiwiri liyenera kugwira ntchito, mwachitsanzo la mzere wa boma, lisakhale ndi default gateway. Ulembe njira yokhazikika yonena kuti nambala zakutizakuti zokha ndizo zidutse uko. Ena amasokoneza zimenezi ndi NIC teaming, imene inabwera mkati mwa Windows Server 2012. Imeneyo ndi yomanga makhadi awiri kuti akhale ngati limodzi pa netiweki imodzi. Siyanjanitsa makampani awiri a intaneti.

Chimene chimandiwawa kwenikweni ndi mtunda. Kuchoka ku Chipata kudzera ku Lundazi kufika kuno ndi makilomita opitirira 300. Mmisiri wa kuchigawo kuti abwere pafunika galimoto, mafuta ndi alawansi, ndipo kalata yake idutse pa madesiki angapo. Kwa mfumu Chikwa kapena Chifunda, mvula ikagwa mitsinje n'kudzaza, mungadikire mpaka madzi ataphwa. Onjezerani kuti kuyambira 2011 mpaka 2021 Chama inali m'chigawo cha Muchinga. Makina ena anaikidwa ndi amisiri oyankha ku Chinsali, lero akuyang'aniridwa ndi a ku Chipata amene sanawaonepo mkati mwake. Woika anasamutsidwa, nambala yake ya foni inasintha, pasiwedi anapita nayo m'mutu.

Choncho pempho langa kwa amene amasaina malipiro a makontilakitala ndi ili: musasaine mpaka mutaona pepala lomatidwa pakhoma pafupi ndi seva. Pepalalo linene kuti waya wabuluu ukupita kuti, wotuwa ukupita kuti, khadi lililonse lili ndi nambala yanji, khomo lotulukira ndi liti, ndiponso amene amagula bandulo ndani ndipo imatha liti. Waya aliyense amatidwe kapepala ka dzina mbali zonse ziwiri. Pasiwedi ikhale mu envulopu yomata mu kabati ya mkulu wa ofesi. Wobweretsa mzere watsopano, kaya ndi wa boma kaya wa bungwe, awerenge kaye pepalalo asanakhudze bowo lililonse, ndipo alembepo zake asanachoke.

Ndalama za CDF zinakwera kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwense iliyonse mu 2022, ndipo gawo lina ndi lolipirira achinyamata maphunziro a luso. Ku Chama North ndi Chama South ambiri amathamangira zoyendetsa galimoto, zosoka ndi zomangamanga, zomwe n'zabwino. Makomiti osankha aikepo mayina angapo a anyamata ndi atsikana okaphunzira za netiweki, makamaka ochokera kuchigwa kumene mmisiri wa ku Chipata safika pakati pa Januwale ndi Malichi.