Zoola ndi zosaola zisamagonenso pa dzala limodzi

Kuyambira mwezi wa Ogasiti mpaka mvula yoyamba, aliyense woyenda pamsewu wopita ku Bunda ndi ku Mitundu, kapena wodutsa pa Nathenje pamsewu wa M1, amaona utsi uli tolotolo m'minda mbali zonse ziwiri. Ukafunsa chimene chikupsa, yankho limakhala lalifupi: tikutentha zinyalala. M'misika ya Mitundu ndi Nathenje, malonda akatha madzulo, osesa amaunjika pamodzi masamba a kabichi, tomato wophwanyika, makoko a nzimbe, ndowe za ng'ombe za ngolo, majumbo ndi mabotolo apulasitiki, ndipo mulu wonsewo umapatsidwanso dzina lomwelo. Ine ndikuona kuti dzina limodzi limeneli likutitayitsa chuma. Latizoloweza kuona zinthu ziwiri zosiyana kotheratu, zoola ndi zosaola, ngati chinthu chimodzi chofunika kuchichotsa pamaso. Mapeto ake tikutentha zimene nthaka yathu ikulira, kwinaku tikukwirira m'nthaka momwemo zimene zikuiwononga.

Mawu akuti chinyalala amamveka pafupi ndi mneni woti kunyala, monga amanyalira masamba a nkhwani akakhalitsa padzuwa. Zimene agogo athu ankasesa pabwalo m'mawa zinalidi za mtundu umenewo: masamba oyoyoka, tiudzu togwa padenga, makoko a mtedza, zotsalira za kukhitchini. Ankakazitaya kudzala, kuseri kwa nyumba. Koma dzala silinali malo a imfa. Mvula ikagwa, dzungu lonona kuposa onse linkamera pamenepo, pamodzi ndi bonongwe, tomato wa pwerekete ndi mapapaya amene palibe anawadzala. Mayi wofuna kuoka nthochi ankasankha padzala lakale chifukwa ankadziwa kuti dothi lake ndi lakuda ndiponso losunga chinyontho. Kutaya kwa nthawi imeneyo kunali kubwezera nthaka zake zomwe. Ngakhale akatswiri ofukula zakale amachitira umboni zimenezi. Pamene Dr. Yusuf Juwayeyi anakumba ku Mankhamba m'boma la Dedza, likulu lakale la a Kalonga, zambiri zimene anapeza zinali mapale, mafupa a nyama, mikanda ndi tizitsulo. Zochokera ku zomera, zomwe anthu a mzinda waukulu chotero ankataya tsiku ndi tsiku, pafupifupi zonse zinabwerera kudothi kalekale.

Chinanso chofunika kuchiona n'chakuti zotsalira zambiri za kumunda sizinkalowa n'komwe m'gulu la zinyalala. Chilichonse chinali ndi dzina lakelake, ndipo anthu sataya nthawi kutcha dzina chinthu chimene alibe nacho ntchito. Phata limodzi la chimanga limatipatsa mapesi, makoko, zitsononkho ndi gaga. Mapesi ankamangira mpanda ndi kudyetsera ng'ombe m'chilimwe. Zitsononkho zinkasonkhezera moto nkhuni zikasowa. Gaga ndi chakudya cha nkhuku ndi nkhumba, ndipo pa njala ya 2002 anapulumutsa mabanja ambiri m'chigawo chapakati. Masangwi a mtedza ndi chakudya chabwino cha mbuzi, ndipo phulusa limatcheza chidulo chophikira therere ndi chigwada. Nzeru imeneyi sinafe. Pamsika wa Mitundu mupeza malegeni odulidwa ku matayala akutha akumangira katundu panjinga, amisiri akukhoma mbaula ndi zidebe kuchokera ku malata akale, ndi anyamata akugula zitsulo zakutha pa sikelo. Chimene chasintha n'chakuti kumunda, kumene kuli chuma chochuluka kuposa chonsechi, mayina aja tawameza m'mawu amodzi, ndipo chotchedwa chinyalala mankhwala ake amakhala machesi.

Nthawi yomweyo dzala lalandira alendo amene makolo athu sanawadziwe. Jumbo, botolo la chakumwa, batire la tochi, thewera la mwana logwiritsa ntchito kamodzi, zonsezi timaziponya m'dzenje lomwe timaponyamo makoko a mbatata, ngati kuti nazonso zidzasanduka dothi. Sizisanduka. Mlimi akafukula dzala lotere kuti akathire kumunda, amanyamula majumbo ong'ambika amene amakola kukhasu chaka ndi chaka. Mbuzi ndi ng'ombe zikawadya amatsekera m'mimba, ndipo opha nyama m'misika amawapeza atapotana m'chifu. Akawatentha, utsi wake ndi woipa m'chifuwa. M'tauni dzala lasanduka mtaya, monga wa ku Area 38 kum'mwera kwa mzinda wa Lilongwe, ndipo dzina lenilenilo likunena zoona: kumeneko zinthu zimangotayidwa, palibe chimene chimabwerera kumunda. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 m'chaka cha 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, makampani opanga atachitsutsa. Lamulo limenelo ndi labwino, koma silingalowe kuseri kwa nyumba iliyonse kukasankhula zoola ndi zosaola. Ntchito imeneyo ndi ya mwini dzala.

Mtengo wa kusasankhaku tikuulipira pa thumba la feteleza. Dziko lino limagula feteleza kunja, kudzera m'madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndi ndalama zakunja zimene zimasowa nthawi ndi nthawi. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo pambuyo pake thumba la makilogalamu 50 linadutsa K100,000 m'masitolo. Ndondomeko za zipangizo zotsika mtengo, kuyambira makuponi a 2005 mpaka AIP ya 2020, sizinafikirepo mlimi aliyense. Nayo nthaka ikutha. Kafukufuku amene bungwe la FAO linachita mothandizana ndi boma anapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya pafupifupi matani 29 a dothi pa hekitala iliyonse pachaka. Mapesi akapsa, nayitrojeni ndi salufa zimene zinali m'menemo zimapita ndi utsi, michere yomweyo imene timakaigula m'thumba. Chimatsala ndi phulusa lopepuka limene mphepo ya Okutobala imauluza. Munda umalandira mvula yoyamba uli mbee, madontho amamenya dothi losafundidwa, madzi amathamanga m'malo molowa pansi, ndipo feteleza wokwera mtengo uja amakokoloka nawo limodzi.

Otentha ali ndi zifukwa zawo, ndipo si bwino kuwayankha ngati anthu osadziwa ulimi. Amati mapesi amasunga kapuchi, amaitana chiswe, ndiponso amabisa mbewa. Ena amati ngakhale uwasiye, ziweto za m'mudzi zikamasulidwa anthu atakolola zidzawadya, kapena anyamata osaka mbewa adzayatsa moto usiku. Zonsezi zimachitikadi. Mbewu zogwidwa ndi matenda ziyenera kuchotsedwa, ndipo mitengo ya fodya ili ndi malamulo ake oizulira. Koma mapesi abwinobwino akadulidwa n'kuwaoletsa pamulu wa manyowa, kutentha kwa m'katimo kumapha tizilombo tambiri ndi njere za udzu. Chiswe chikapeza zouma zofundira nthaka chimatanganidwa nazo, ndipo tinjira take timathandiza madzi kulowa pansi. Ntchemberezandonda zimene zinafika kuno cha m'ma 2016 ndi 2017 zimafalitsidwa ndi agulugufe ouluka mtunda wautali, choncho kutentha munda umodzi sikuziletsa kubwera. Za moto wolusa ndi ziweto zongoyendayenda, yankho lili m'manja mwa mafumu, amene kale lomwe amaweruza milandu ya mbuzi zolowa m'dimba. Mudzi ungagwirizane chindapusa cha woyatsa munda wa mnzake monga umagwirizanirana pa zina.

Chifukwa champhamvu kuposa zonse ndi cha ntchito. Kupanga manyowa kumafuna kututa, kudula, kuthira madzi ndi kutembenuza, m'miyezi imene madzi amavuta ndipo anthu ali pa maganyu. Komanso mapesi paokha ali ndi nayitrojeni wochepa, moti wowakwirira osaola chimanga chake chimayamba chachita chikasu. Amene amauza alimi kuti manyowa alowa m'malo mwa feteleza yense akuwanamiza. Chimene manyowa amachita ndi kupatsa nthaka mphamvu yosunga madzi ndi michere, kuti thumba limodzi logula ligwire ntchito yooneka. N'chifukwa chake alangizi amaphunzitsa kusakaniza mapesi ndi masangwi a mtedza kapena soya, ndowe ndi masamba aawisi, kaya ndi m'dzenje, pa chimato kapena pa changu. N'chifukwa chakenso manyowa a Mbeya afala chotere: gaga, phulusa, ndowe kapena zitosi, feteleza wogula pang'ono ndi madzi, zomangidwa m'thumba kwa masabata atatu. Mlimi amene wayamba Mbeya satayanso phulusa kapena zitosi, ndipo ena ayamba kuzigula kwa anzawo. Ntchitoyo ndi yowawa ndithu, koma walira mvula walira matope, ndipo thukuta la pamulu wa manyowa silifuna ndalama zakunja.

Azaumoyo nawo angadandaule kuti milu ya zoola pafupi ndi nyumba imaitana ntchentche, makamaka tikakumbukira kolera wa 2022 ndi 2023 amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo boma la Lilongwe ndilo linataya anthu ochuluka kuposa maboma ena. Nkhawa imeneyi ndi yoona, koma mulu woopsa ndi uja wosakaniza, momwe matewera a ana agona pamodzi ndi zakudya zotsala, ndipo mabotolo asunga madzi oswera udzudzu. Dzenje la zoola zokhazokha, lokumbidwa kutali ndi chitsime ndi kumathiridwa dothi kapena phulusa pamwamba, silinunkha ndipo limaphwa msanga. Kusankhula kumathandiza ukhondo m'malo mousokoneza.

Chofunika tsono n'chotheka ndithu. Pakhomo pakhale malo awiri, dzenje la zoola ndi thumba la zosaola, ndipo ana aphunzire kusiyanitsa pamene akuphunzira kugwira tsache. Khonsolo ya boma la Lilongwe, imene imatolera ndalama za tikiti m'misika ya Mitundu ndi Nathenje, ipatule malo oolezera zotsalira za ndiwo ndi zipatso, ndipo ipereke kwa magulu a achinyamata kuti azipanga manyowa ogulitsa kwa alimi a m'madimba ozungulira. Koleji ya Bunda, imene yakhala ikuphunzitsa zaulimi kuyambira m'zaka za m'ma 1960 ndipo lero ili pansi pa yunivesite ya LUANAR, ili pakhomo penipeni pa Mitundu. Ophunzira ake angayeze manyowa amenewo kuti wogula adziwe chimene akuthira. Mafumu ndi makomiti a chitukuko cha m'midzi aike nkhani ya moto wa m'minda pa misonkhano yawo anthu asanayambe kusosa, chifukwa lamulo lobwera minda itapsa kale silipulumutsa phesi ngakhale limodzi.