GOLIDE ASATIPHERE MITSINJE YATHU

Mseu wa Great East umene umadutsa pa Northmead mu mzinda wa Lusaka ndi womwewo umene umapyola Chongwe, Rufunsa, mlatho wa Luangwa, Nyimba ndi Petauke mpaka ku Chipata. Pa mseu umenewu pamayenda nsomba zouma zocokera ku Luangwa zimene zimadyedwa m'makomo a ku Kabwata ndi Chelstone. Cotero cimene cigwera mu mtsinje kumudzi cimafikanso pa mbale ya munthu wa m'tauni. Ndico cifukwa cace lero tifuna kukamba za mekyuri, mankhwala aja olemera ndi onyezimira ngati siliva amene okumba golide ena amagwiritsa nchito.

M'maboma a Rufunsa, Luano, Petauke, Vubwi ndi Lumezi anthu ambiri, makamaka anyamata, akupeza ndalama ndi golide. Ife sitinyoza nchito imeneyi, pakuti yagula malata ndi kulipirira ana sukulu. Koma taonani macitidwe ace. Munthu akasinja miyala ndi kutsuka dothi m'beseni pa mtsinje, amathiramo mekyuri kuti agwire tizidutswa ta golide. Kenaka amafinya m'kansalu, naocha kampira kotsalako pa makala. Golide amatsala, koma mekyuri amauluka ngati nthunzi yopanda fungo, ndipo woyamba kuipuma ndi mwini wace pamodzi ndi mkazi ndi ana amene akhala pafupi ndi moto. Wina wotsala m'madzi otsukira amapita ndi mtsinje.

Mekyuri saola ndipo satha. Wouluka uja amabwerera pansi ndi mvula. Wa mu mtsinje amakhazikika m'matope, ndipo m'menemo tizilombo tosaoneka ndi maso timamusandutsa ululu woopsa koposa, umene akatswiri amaucha methylmercury. Ululu umenewu umalowa m'ndere ndi m'tizamoyo ta m'madzi. Kansomba kakadya zimenezi kamausunga m'thupi. Mlamba kapena mceni ukameza tinsomba tambiri umasonkhanitsa ululu wa tonseto. Ndipo pa mapeto pace pali munthu ndi nsima yace. Kuphika, kuyanika kapena kuwamba sikucotsa ululu umenewu, cifukwa umakhala m'mnofu weniweniwo. Madzi a Lunsemfwa amathira mu Luangwa, a Luangwa mu Zambezi, ndipo a Zambezi amapyola Cahora Bassa ku Mozambique mpaka ku nyanja yaikulu ya mcere. Beseni limodzi lotsukidwa kumtunda ndi mlandu wa asodzi onse a kumunsi.

Akulu anati caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe. Ku Japan kuli tauni ya asodzi yochedwa Minamata. Kucokera mu 1932 mpaka 1968 fakitale ya kampani ya Chisso inali kutaya madzi a mekyuri m'nyanja ya kumeneko. Poyamba amphaka odya nsomba ndi amene anayamba kudzandira ndi kufa. Mu 1956 madokotala anazindikira matendawo mwa anthu: dzanzi m'manja ndi m'mapazi, kulephera kuyenda ndi kulankhula bwino, maso kusaona za m'mbali. Amayi ooneka athanzi anabala ana olumala bongo, popeza ululuwo umapyola kucokera kwa mayi kunka kwa mwana ali m'mimba. Anthu oposa 2,000 anabvomerezedwa ndi boma la dzikolo kuti anadwala matendawa, ndipo ambiri mwa iwo anamwalira.

Cifukwa ca tsoka limeneli, mu 2013 maiko anacita pangano lochedwa Minamata Convention lakuti acepetse kugwiritsa nchito mekyuri. Dziko la Zambia linabvomereza panganoli mu 2016, ndipo linayamba kugwira nchito mu 2017. Bungwe la United Nations loona za cilengedwe linapeza mu 2018 kuti migodi ing'onoing'ono ya golide ndiyo imatulutsa mekyuri wambiri mu mpweya kuposa nchito ina iriyonse ya anthu, kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu.

Tsono pangano la pa pepala silichinjiriza mtsinje. Tipempha bungwe la ZEMA ndi Unduna wa Migodi kuti afike kumene kukumbidwa golide, aphunzitse anthu m'cinenero cao njira zotsukira golide popanda mekyuri, ndi kuwathandiza kupeza zipangizo monga retort, kabotolo kacitsulo kotsekera nthunzi kuti isauluke. Nsomba za m'mitsinje yoyandikana ndi migodi zizipimidwa kawirikawiri, ndipo zopezekazo zizilengezedwa pa wailesi kuti msodzi ndi wogula adziwe. Amene amalowetsa mekyuri m'dziko mwakuba agwidwe.

Kwa inu mafumu ndi anyakwawa, mphamvu ya malo iri m'manja mwanu. Letsani kutsukira golide pa madooko ndi pa zitsime pomwe amayi amatunga madzi. Kwa inu okumba, musaochere mekyuri m'nyumba kapena pa mbaula yophikira, ndipo amayi apakati ndi ana asayandikire. Nsomba ndi ndiwo yabwino imene imalimbitsa matupi a ana athu, ndipo sitifuna kuti mudzi uliwonse udzaleke kudya nsomba za mu mtsinje wace cifukwa ca mantha. Golide wa mu mgodi adzatha tsiku lina, koma adzukulu athu adzafunabe kumwa ndi kuwedza mu Luangwa.