Miyambo ya ufa ikusowa munda m'mafamu a Mashonaland

HARARE – Nkhondo ya ku Ukraine itabuka mu February 2022, mtengo wa tirigu unakwera padziko lonse, ndipo buledi anadula m'masitolo a ku Zimbabwe. Kwa eni ake a ku Ukraine, buledi alinso ndi malo pa mwambo uliwonse waukulu. Pa ukwati amaphika korovai, buledi wamkulu wobulungira amene amagawidwa kwa onse obwera monga chizindikiro chakuti mabanja awiri alumikizana. Pa Pasaka amanyamula paska kupita naye kutchalitchi kuti akadalitsidwe, ndipo mlendo wolemekezeka amamulandira ndi buledi ndi mchere.

M'mafamu akuluakulu a m'zigawo za Mashonaland, kumene kumachokera tirigu wambiri wa dziko la Zimbabwe, ntchito yotereyi imagwiridwa ndi ufa wa chimanga ndi mawere. Ena mwa antchito a m'mafamuwa ndi ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland pa nthawi ya atsamunda, ena pansi, ena kudzera mwa Mthandizi, n'kutchona komweko. Manja awo analima tirigu ndi fodya, koma miyambo yawo inatsamira pa ufa: nsembe yothirira mizimu ya makolo, thobwa la pa ukwati ndi pa chinamwali, nsima yodyetsa anamalira, ndi mowa wa bona umene Gule Wamkulu amatulukirapo. Ashona amautcha guleyu zvigure. Nawonso Ayao achisilamu amaphika chakudya cha sadaka pokumbukira malemu.

Kale ufawu unkachokera ku phoso limene mwini famu ankapereka, ndiponso ku timinda timene ankalola antchito kulima. Zonsezi zinagwedezeka m'chaka cha 2000, pamene boma la Robert Mugabe linayamba kulanda mafamu a azungu. Malinga ndi lipoti la Lloyd Sachikonye la m'chaka cha 2003, mafamuwa ankalemba ntchito anthu oposa 300,000, koma amene anapatsidwako malo sanafike asanu pa 100 alionse. Obadwa kwa makolo ochokera kunja ndiwo anavutika koposa, popeza analibe mudzi kapena mfumu yowapatsa munda. Lamulo la unzika la mu 2001 linawonjezera mavutowa: amene sanakane unzika wa dziko la makolo awo anachotsedwa pa unzika wa Zimbabwe, ngakhale ambiri anali asanapondeko ku Malawi.

Malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe kwa makolo a m'mayiko a SADC. Komabe chitupa pachokha sichipereka munda. Mabanja ambiri akukhalabe m'makomboni akale kapena m'malo osavomerezeka monga Lydiate, pafupi ndi Norton, ndipo amadalira maganyu ndi chifundo cha eni malo atsopano. Chilala chikagwa, monga cha mu 2024 chimene Pulezidenti Emmerson Mnangagwa anachilengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko, banja logula ufa wa m'thumba limayenera kusankha pakati pa kudyetsa ana ndi kufulula mowa wa bona. Mwambo ukachedwa, pa chikhulupiriro cha Achewa, mzimu wa malemu umakhala usanaperekezedwe.

Bungwe la UNESCO linazindikira Gule Wamkulu mu 2005, ndipo mu 2017 linaika nsima ya ku Malawi pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu. Ulemu umenewu sufika m'makomboni a Mashonaland, chifukwa Zimbabwe sali m'gulu la mayiko atatu olembedwa pa guleyu, omwe ndi Malawi, Mozambique ndi Zambia. Tsogolo la miyambo ya ufa kumeneko lidalira ngati maboma aang'ono ndi unduna woona za malo adzapatse mabanjawa malo okhazikika okhalapo, olimapo ndi oikapo maliro awo.