BOTOLO LA MANKHWALA NDI LA MWANA MMODZI

Pali chizolowezi china chimene chazika mizu m'makomo mwathu, kumidzi ndi m'matauni momwe, chimene tiyenera kuchidzudzula poyera ngakhale kuti gwero lake ndi mtima wachifundo. Mwana akadwala chibayo kapena akamatuluka mafinya m'khutu, mayi amathamangira naye kuchipatala ndipo amabwerako ndi botolo la mankhwala akumwa opha tizilombo ta mabakiteriya, amene ambiri amangowatcha sirapu. Pakapita masiku awiri kapena atatu thupi limazizira, mwana nayambanso kudya ndi kusewera. Pamenepo mayi amatseka botolo lija nalibisa m'sutikesi kuti lidzathandize tsiku lina. Tsiku linalo likafika, mwana wa mnansi akutsokomola usiku, botolo limatuluka ndi kudutsa mpanda.

Ife tikudziwa bwino kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndiponso kuti kupatsa n'kuika. Mwambo umenewu ndiwo watisunga m'zaka za njala ndi pa maliro, ndipo sitingaunyoze. Koma pa nkhani ya mankhwala awa tikunena mosapsatira mawu kuti botolo limodzi ndi la mwana mmodzi, pa nthenda imodzi, kwa masiku amene achipatala alamula. Munthu wogawa mankhwala otere amaika ana awiri pangozi nthawi imodzi: wake amene sanamalize kumwa, ndi wa mnzake amene sanapimidwe konse.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kuzizira kwa thupi kumangosonyeza kuti tizilombo tachepa, koma sikuti tatheratu. Totsalato tikaleka kulandira mankhwala timaswananso, nthenda n'kubwerera. Ndipo tizilombo tikamakumana kawirikawiri ndi mankhwala ochepa mphamvu, kapena omwedwa popanda chifukwa, tofooka timafa koma tolimba timatsala ndi kuchulukana, mpaka mankhwala aja amasanduka ngati madzi wamba. Alexander Fleming, amene anatulukira penisilini m'chaka cha 1928, anachenjezeratu za ngozi imeneyi pamene ankalandira mphotho ya Nobel mu 1945. Iye ananena kuti idzafika nthawi imene aliyense azidzagula penisilini m'sitolo, ndipo munthu wosadziwa, pomwa mlingo wochepa, adzazoloweretsa tizilombo kupirira mankhwalawo.

Nthawi imeneyo inafika kale. Kafukufuku wamkulu amene anafalitsidwa mu 2022 anapeza kuti m'chaka cha 2019 chokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anamwalira pa dziko lonse chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala. Tisaganize kuti zimenezi n'zakutali. Pa chipatala cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, akatswiri anaunika zotsatira za magazi a odwala kuyambira 1998 mpaka 2016. Anapeza kuti mwa tizilombo totchedwa Klebsiella, timene timavutitsa kwambiri makanda, tosamva mankhwala amphamvu obaya tinali pafupifupi 12 pa 100 tilitonse mu 2003, koma pofika 2016 tinali titafika pa 90. Kholo limene laimapo pambali pa bedi la mwana, n'kuuzidwa kuti jakisoni sakugwira ntchito, likudziwa tanthauzo la manambala amenewa.

Tsono tiyeni tikumbutsane zoyenera kuchita. Choyamba, mlingo wa mankhwala a mwana umawerengedwa potsata kulemera kwake ndi msinkhu wake, n'chifukwa chake mwana amayamba wakwera sikelo. Mlingo wa mwana wa zaka zinayi sungakhale wa khanda la miyezi isanu ndi umodzi. Komanso mabotolo amasiyana mphamvu ngakhale dzina likhale limodzi. Amoxicillin, mwachitsanzo, amapezeka wa mamiligalamu 125 ndi wa mamiligalamu 250 pa mamililita 5 alionse, kotero kuti supuni imodzimodziyo ingathe kupereka mlingo wowirikiza kawiri. Poyeza tigwiritse ntchito kakapu kapena kasupuni kobwera ndi botolo, pakuti masupuni a tiyi a m'nyumba zathu salingana kukula.

Chachiwiri, mankhwala ambiri a mtundu umenewu amabwera ali ufa. Ufawo usungunulidwe ndi madzi owiritsa amene azizira, kuthira mpaka pa mzere umene uli pabotolo, osapitirira ndiponso osaperewera. Botolo likhutchumulidwe nthawi iliyonse mwana asanamwe, chifukwa mankhwala amadikha pansi. Likasungunulidwa, moyo wake ndi waufupi: masiku 7 kapena 14, malinga ndi zolembedwa pabotolopo. Liikidwe m'filiji ngati ilipo, ndipo ngati palibe likhale pamalo pozizira, kutali ndi dzuwa ndi moto. N'chanzeru kulemba pabotolo tsiku limene lasungunulidwa. Akuluakulu anati tsabola wakale sawawa, ndipo botolo limene lagona miyezi itatu m'sutikesi silingachize mwana aliyense.

Chachitatu, nthawi isungidwe. Akati katatu pa tsiku, ndiye kuti papite maola asanu ndi atatu pakati pa mlingo ndi unzake, kuti mphamvu ya mankhwala isathe m'magazi. Mlingo ukaiwalika uperekedwe pamene wakumbukirika, koma ngati nthawi ya wotsatira yayandikira, tisaphatikize iwiri pamodzi. Mwana akatuluka ziwengo, akatupa nkhope kapena milomo, kapena akayamba kubanika atamwa mankhwala, asiyitsidwe pomwepo ndi kuthamangira naye kuchipatala, ndipo zimenezi zilembedwe m'buku lake lachipatala. Chimodzimodzinso ngati papita masiku awiri osasintha, kapena akukana kuyamwa, akusanza chilichonse, akukomoka, kapena chifuwa chikulowa m'kati popuma. Tisaiwalenso kuti mankhwalawa amawatsekemeretsa dala, ndipo mwana akalipeza botolo poyera angathe kuligugudiza lonse.

Chachinayi, ndipo apa ndi pamene ambiri timalakwa, mankhwala awa sachiza nthenda iliyonse. Chimfine ndi zifuwa zambiri zimayamba ndi mavairasi, amene samva mankhwala opha mabakiteriya. Malungo ali ndi mankhwala akeake, ndipo amafuna kuyezetsa magazi. Mwana wotsegula m'mimba, kawirikawiri chimene akusowa ndi Thanzi ORS ndi zinki. Kholo limene limamwetsa sirapu wotsala mwana wotentha thupi lingathe kutaya masiku awiri kapena atatu, pamene malungo akukwera kumutu.

Sitikufuna kusenzetsa amayi mlandu wonse. Mayi amasunga theka la botolo chifukwa chipatala chili kutali, mvula ikagwa mtsinje suwolokeka, ndipo tsiku lina anapitako n'kubwerako chimanjamanja atauzidwa kuti mankhwala atha. Apa ndi pamene udindo wa akuluakulu a boma ukuonekera. Mu 2014 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti chibayo cha ana chizichizidwa poyamba ndi amoxicillin, ndipo mapilitsi ake osungunuka m'madzi pang'ono kapena mumkaka wa m'mawere safuna filiji. Mapilitsi otere asamasowe kwa alangizi a zaumoyo m'zipatala za m'midzi, pakuti mayi amene akudziwa kuti thandizo lili pafupi sabisa botolo. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, ligwirane manja ndi makhonsolo ndi mafumu pothetsa malonda a mankhwalawa m'misika ndi m'maokala, kumene amagulitsidwa padzuwa popanda kalata ya dokotala. Nawonso ogawa mankhwala pa zenera la chipatala, ngakhale mzere utalike chotani, apatule mphindi imodzi yosonyeza kholo mzere wa pabotolo ndi kulifunsa kuti libwereze zimene lamva.

Kwa aphunzitsi tili ndi pempho lapadera. Ife amene tinagwirapo choko tikudziwa kuti mawu onenedwa m'kalasi m'mawa amafika pa mphasa ya chakudya madzulo. M'mabanja ambiri mwana wa Sitandade 6 ndiye amawerengera makolo ake zolembedwa pabotolo, ndipo ndiye amatsala ndi mng'ono wake mayi akapita kumunda. Phunziro la sayansi kapena la masamu lingathe kutenga botolo lopanda kanthu ndi kakapu koyezera, ana naphunzira mamililita ndi maola pa chinthu chimene adzachigwire ndi manja awo. Sabata ya pa 18 mpaka 24 Novembala, imene maiko amakumbutsana za tizilombo tosamva mankhwala, ndi mpata wabwino wokambirana nkhaniyi pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi.

Mankhwala amenewa tinawapeza akugwira ntchito, ndipo apulumutsa ana osawerengeka m'dziko muno. Ndi udindo wathu kuwasiyira adzukulu athu akadali ndi mphamvu. Mwana wa mnansi akadwala usiku, chifundo chenicheni n'kubwereketsa njinga, kuyatsa tochi ndi kuperekeza mayi wake kuchipatala.