Mabungwe achifundo aulule chuma chawo

Anthu a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka ntchito zachifundo sachita kuzimvera pa wailesi. Pa mishoni ya Mua, imene idakhazikitsidwa mu 1902, pali chipatala komanso sukulu ya ana osamva. Koma mu 2025, boma la America litadula thandizo la USAID, zidaonekeratu m'dziko muno kuti bungwe lodalira thumba limodzi limagwa tsiku limodzi.

Phunziro lili ku Britain. Kumeneko bungwe la Coeliac UK, lomwe lidayamba mu 1968, limathandiza odwala celiac, nthenda imene tirigu amawononga matumbo a munthu. Nthendayi ilibe mankhwala: wodwala amasiya buledi, masikono ndi mandasi moyo wake wonse, ngakhale nsima, mpunga ndi chinangwa sizimuvuta. Bungweli limapeza ndalama kwa mamembala ake, kwa akufuna kwabwino komanso kwa makampani amene amalipira kuti aike chizindikiro chake pa zakudya zoyenera odwalawa. Chaka ndi chaka limaonetsa poyera mmene ndalamazo zayendera.

Kuno nako lamulo limafuna kuti mabungwe azipereka malipoti a chuma ku NGORA. Koma lipoti longogona mu ofesi silithandiza mayi wogulitsa nsomba pa Golomoti. Liwerengedwe pabwalo la mfumu, m'Chichewa, aliyense amve kuti pa K100 iliyonse, zingati zafika kwa wodwala ndipo zingati zathera ku maalawansi ndi mafuta a galimoto.

Eni dera akaona kumene ndalama ikupita adzasonkha mosanyinyirika, ndipo bungwe silidzafa azungu akachoka. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.